Printa yabwino ya pa bureau ndi iti? Ndathedwa nzeru

Mayi a Tadala, Kamuzu Road: Anzanga a ma bureau thandizeni msanga. Printa yanga yafa, ikungophethira kanyali kofiira basi. Laputopu ndi ya Windows 11 ndiye sindikufuna yondizunza ndi ma driver. Ntchito zake ndi zomwezi, makalata ofunsira ntchito, ma CV, mafomu a pa intaneti ndi zomwe makasitomala amatumiza pa WhatsApp. Za kalara ndilibe nazo ntchito kwenikweni. Chinanso, ndikaprinta tsamba la pa intaneti mbali ya kumanja imaduka, kasitomala nkukana kulipira. Mawa ndikwera minibasi ya ku Lilongwe, ndikagule iti? Thumba ndi lopyapyala.

A Phiri, Dwangwa: Mayi, HP LaserJet 1020, tona 12A. Katiriji yake ilibe chip (kachipangizo komwe printa imazindikirira katiriji), mumangothiramo ufa nkupitiriza. Zinazi ndi zidole.

Nabanda, Nkhotakota boma: A Phiri, 1020 anasiya kupanga kalekale, mupeza yakale yoti simukudziwa inagwira zaka zingati. Ndipo ndi ya USB yokha, pa foni siprinta. Mayi a Tadala, onani Epson L3250, ili ndi Wi-Fi, inki yake ndi ya m'mabotolo nambala 103. Koma inki siyifuna kugona. Mukatseka shopu sabata ziwiri kupita ku maliro, mubwera head (mbali yopopera inki papepala) itauma. Muziprinta kanthu kakalara ngakhale kamodzi pa sabata. Dziwaninso kuti imafika poima yokha kuti pad yomwa inki yotayika yadzaza, mpaka aikonze ndi kuiresetta.

A Phiri, Dwangwa: Ndi zomwezo ndikunena. Ufa suuma. 12A.

Yusufu wa ma solar, Senga Bay: Akuluakulu musaiwale magetsi. Laser imakoka moto wambiri potenthetsa fuser (mbali yomatira ufa papepala), inverter yaing'ono imangolira nkuzima. Ya inki imadya pang'ono ngati babu. Ngati magetsi akazima mumadalira solar, ganizani kawiri. Ndipo laser musailumikize pa ka UPS ka kompyuta (kabatire kosunga moto magetsi akazima), mukapha.

Che Mdala, Chipoka: Kuno kunyanja vuto si makina okha, ndi chinyezi. Dzinja lapitali pepala limangokakamira, ndinasintha roller, ndinaitana mnyamata wokonza kuchokera ku boma, ndalama zapita. Kumapeto tinapeza kuti rimu inanyowa chifukwa inali pansi pa simenti. Tsiku lina ndinatsegula printa nkupezamo buluzi atapsa pa fuser, fungo lake makasitomala anathawa. Muzifunditsa nsalu usiku, mapepala akhale mu chikuto chake pa shelefu.

Nabanda, Nkhotakota boma: Za kuduka kumanjazo printa yatsopano sizithetsa. Yang'anani paper size, mwina ili pa Letter. Letter ndi yotambalala 216mm, A4 ndi 210mm. Mu Chrome Ctrl+P, More settings, ikani A4, mutsitse scale. Kapena muyambe mwasunga ngati PDF muone kaye musanawononge pepala.

Yusufu wa ma solar, Senga Bay: Ku shopu musafunse mtengo wa printa kaye, funsani wa tona ndi ngati amapezeka kuno ku Salima. Zatsopano ngati HP 107a zimafuna katiriji 106A ya chip, ndipo zina mukalola update zimakana katiriji yosakhala yawo. Muwauze aiyese pa laputopu yanu pomwepo, risiti musasiye.

A Phiri, Dwangwa: Chip, update, Wi-Fi, zonsezo ndi msampha. Ngati 1020 yasowa tengani Canon LBP2900, katiriji yake 303 ndi yofanana ndi 12A.

Nabanda, Nkhotakota boma: Iyonso ndi ya USB yokha a Phiri, mayiwa anena za WhatsApp.

A Phiri, Dwangwa: WhatsApp imatseguka pa laputopu. Chingwe chavuta pati?

Che Mdala, Chipoka: Mayi a Tadala, poti mukupita ku Lilongwe, mundifunsireko mtengo wa bokosi la rimu za 80gsm. Ndikutumizirani pa foni.