Sitampa yakale ya Éire, ndigulitse kapena ndidikire?

Nabanda (Drogheda): Abale thandizeni msanga. Mwana wa agogo amene ndimawasamala akuchotsa katundu m'nyumba, ndiye wandipatsa kachitini ka mabisiketi kodzaza maenvelopu akale. Pa ina pali sitampa yobiriwira, nkhope ya bambo, palembedwa Éire (dzina la Ireland m'Chiayirishi) ndi nambala 2, chidindo cha positi chikuoneka 1929. Mzungu wina akuti €30 chitini chonse, yankho alifuna lero madzulo.

Achimwene a ku Tallaght: Sitampa sagulitsa mlongo, mumangidwa nazo. Muli pa Stamp 2 kapena Stamp 4? Ngati ndi 2, ntchito ndi maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, osapitirira.

Make Tadala: Werengani kaye achimwene, akunena sitampa yomata pakalata, osati ya ku immigration 😂

Achimwene a ku Tallaght: Chabwino, komabe za maolazo ena amvepo.

Nangozo: Ine nkhawa yanga ili pa chitinicho. Mwawauza a ku ofesi? Ine gogo wina anandipatsa wotchi yapakhoma ndi manja ake awiri, patatha mwezi mdzukulu akuti yasowa. Ndinakhala pakhomo masabata awiri opanda shift, renti ikundidikira. Mwanayo alembe meseji yoti wakupatsani, muisunge.

Bambo a Yankho (Cork): Nabanda, musathamange. Ine ndinagwirapo ku positi kumudzi, masitampa ndimawatsata. Bamboyo ndi Daniel O'Connell, mwini dzina la msewu uja muli GPO, positi yaikulu ya ku Dublin. Imeneyo ndi sitampa yoyamba yachikumbutso ya dziko lino, ya 1929, pokumbukira zaka 100 chipatsidwire Akatolika ufulu wolowa m'nyumba ya malamulo. Zinatuluka zitatu: 2d (mapeni awiri a ndalama zakale) yobiriwira, 3d yabuluu, 9d yapepo. Yanuyo ndi ya 2d, imene aliyense ankamata pakalata wamba, choncho zilipo zambirimbiri. Yodindidwa kale mtengo wake ndi wochepa ndithu. Ya 9d ndiyo imakwerako.

Junior: Ayi madala, 2d ya Ireland ndi chuma! Ine ndinamva wina anagulira nyumba ku Area 47.

Bambo a Yankho: Mwasakaniza, mwana wanga. Imene imagulidwa mayuro masauzande ndi 2d ya 1935 ya mapu a Ireland, yochokera pampukutu. Mano a m'mphepete mwa sitampa ali pamwamba ndi pansi pokha, m'mbali muli mowongoka. Anthu amadula mano a 2d wamba ndi lumo kuti ifanane nayo, n'chifukwa chake wogula wanzeru amafuna satifiketi ya akatswiri.

Junior: Ine ndikunena zimene ndinamva.

Make Tadala: Muiviike m'madzi ofunda imatuke, muiyanike panyuzipepala. Tinkatero kusukulu.

Bambo a Yankho: Chonde musaiviike! Sitampa ili paenvelopu yake, ndi chidindo cha tauni ndi tsiku, nthawi zambiri imaposa yomatula. Musaigwirenso ndi manja a mafuta. Zoyang'ana ndi izi: mano onse alipo? Yang'ambika? Ili ndi madontho ngati a dzimbiri? Kenako fufuzani m'chitinimo ngati muli za nkhope ya mfumu George V zodindidwa mawu a Chiayirishi ndi chaka cha 1922. Amenewo ndi masitampa a Britain amene boma latsopano linkagwiritsa ntchito lisanasindikize ake. Za masheleni, 2/6, 5/ ndi 10/, ndiye zogwira ndi manja awiri.

+353 watsopano: Moni nonse, ndafika sabata yatha. Alipo akudziwa chipinda chotchipa ku Dublin?

Nangozo: Mwana iwe, pofika pabwalo umayamba wamva chimene akulu akukamba. Dzina sunatchule, kwanu sunanene. Funsa mawa, tikuthandiza.

Gogo Phiri: Mwanditengera kutali ndi ma d amenewa. 3d ife tinkati tiki. Bambo akalemba kuchokera ku Joni, mayi ankandituma kupositi wapansi, kalata ndinkaiwerenga pansi pa mango, iwo atasiya kupeta. Masitampa ndinkamata m'kope la masamu. Chiswe chinadya zonse. Ndalama zimenezo zinatha 1971 itabwera kwacha, kunonso anasintha chaka chomwecho.

Make Tadala: Agogo musatiliritse, ena tili pa night.

Bambo a Yankho: Za mtengo, funsani ku laibulale katalogi ya Stanley Gibbons kapena ya Hibernian, koma dziwani kuti ogula amapereka pansi pa mtengo wa m'bukumo. Pa eBay onani zimene zinagulidwadi, osati zimene anthu akutchula. Kulinso chionetsero cha Stampa ku Dublin, ogulitsa amakhalako ambiri, mungafunse awiri atatu. Wa €30 uja akuthamangira chiyani?

Nabanda: Zikomo bambo. Ndamuuza adikire, wakwiya pang'ono. Meseji mwana uja walemba. Ndapezamo ziwiri za mfumu zodindidwa mawu akuda, ndijambula ndikaweruka, pano agogo adzuka akufuna tiyi.

Achimwene a ku Tallaght: Alipo akupita kumudzi mwezi uno? Ndili ndi kaphukusi ka mayi, sikafika makilo awiri.