Ndikufuna kuluka masokosi koyamba: ndiyambire pati, nanga chidendene chimalukidwa bwanji?

Wophunzira_Kuluka

Moni nonse. Ndakhala ndikuluka masikafu ndi zipewa za ana kwa kanthawi ndithu, moti masitichi awiri oyambira kuluka, a knit (a kumaso) ndi a purl (a kumbuyo), ndimawadziwa bwino, ndipo kuluka mozungulira pa singano ya chingwe (singano ziwiri zolumikizidwa ndi chingwe) sikundivuta. Tsopano ndikufuna kuyesa masokosi a munthu wamkulu, koma malangizo amene ndawerenga sakugwirizana. Ena akuti ndiyambire kukamwa kwa sokosi n'kutsikira kuzala, ena akuti kuyambira kuzala ndiye kwabwino. Ena amagwiritsa ntchito singano zinayi kapena zisanu zosongoka mbali zonse ziwiri, pamene ena amalukira pa singano imodzi ya chingwe chachitali. Ndili ndi ulusi wa akiriliki umene unatsala nditaluka juzi, choncho ndikufuna kudziwa ngati ungagwire ntchito kapena ndifune wina. Ndikufunanso kumvetsa za chiwerengero cha masitichi oyambira, popeza ena akutchula 56, ena 64, ena 72, osafotokoza chifukwa chake. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chidendene, chifukwa ndikayang'ana sokosi yoluka kale sindikuona mmene chinthu choongoka chimakhotera mpaka kukumbatira phazi. Amene munadutsamo kale m'zimenezi, chonde ndithandizeni.

MayiWaUlusi

Takulandirani, achemwali. Masokosi oyamba ambiri amene amagwiritsa mwala eni ake salakwika pachidendene ayi, koma amatuluka aakulu ndi okhwepa, n'kumatsetserekera m'nsapato munthu akamayenda. Gwero la vutoli ndi ulusi ndi kathinidwe ka masitichi, ndipo zimenezi zimakhala zitachitika kale musanafike n'komwe pachidendene, choncho n'zimene muyenera kuikapo mtima poyamba.

Ulusi wopangidwira masokosi nthawi zambiri umakhala ndi magawo 75 pa 100 a ubweya wa nkhosa ndi magawo 25 a nayiloni. Ubweya umatamuka n'kubwerera m'malo mwake, umayamwa thukuta popanda phazi kumva kunyowa msanga, ndipo nayiloniyo ndiye amauthandiza kupirira kukhuzika kwa pachidendene ndi kunsi kwa zala. Akiriliki wanuyo alukika bwinobwino, koma sayamwa thukuta ndipo akatamuka sabwerera kwenikweni. Thonje nalo silitamuka, moti sokosi yake imakonda kugwa pamwendo. Ngati cholinga chanu n'kuphunzira kapangidwe kokha, ulusi wotsalawo ndi wokwanira, koma ngati mukufuna masokosi oti muzivala m'nsapato, funani ulusi woonda umene papepala lake palembedwa 4-ply kapena fingering. Mpukutu wa magalamu 100 umakhala ndi mamita pafupifupi 400, ndipo umakwanira masokosi awiri a munthu wamkulu.

Chiwerengero cha masitichi chimachokera pa phazi lanu ndi dzanja lanu lomwe. Yezani kuzungulira kwa phazi pamene pali potambalala kwambiri, kumbuyo pang'ono kwa zala, kenako muchotsepo gawo limodzi mwa magawo 10, chifukwa sokosi iyenera kuchepa pang'ono kuposa phazi kuti iligwire. Mukatero lukani kachidutswa koyesera ndi singano za mamilimita 2.5, mukuluka mozungulira monga mmene mudzalukire sokosiyo, ndipo muwerenge masitichi amene akukwana m'masentimita 10. Tiyerekeze kuti phazi lanu lazungulira masentimita 22: mukachotsa gawo lija mutsala ndi pafupifupi 20, ndipo ngati kachidutswako kakupatsani masitichi 32 pa masentimita 10, ndiye kuti muyamba ndi 64. Munthu wa phazi lomwelo amene wapeza masitichi 28 ayamba ndi 56, ndipo apa m'pamene pagona kusiyana kwa malangizo amene mwawerengawo. Sankhani nambala yogawika ndi 4 kuti mkombero wa kukamwa kwa sokosi, wa knit awiri ndi purl awiri, ukumane bwino. Kumbukiraninso kuti sokosi imalukidwa mothina kuposa juzi, chifukwa masitichi okhwepa amakhuzana okhaokha n'kudyeka msanga. Ngati mukatambasula kachidutswako mukuona timipata, tsikirani pa singano za mamilimita 2.25.

Mlukansalu

Zoyeza phazi ndi kachidutswa ndikugwirizana nawo mayiwa ndi mtima wonse, koma pa za ulusi woyambira ndikusiyana nawo pang'ono. Ulusi woonda pa singano zoonda umafuna masitichi ochuluka zedi kuti sokosi imodzi ithe, ndipo munthu amene akuphunzira amatha kugwa ulesi asanafike pamene pali phunziro lenileni. Ine ndimalangiza kuti masokosi oyamba alukidwe ndi ulusi wonenepa wa DK pa singano za mamilimita 3.25 kapena 3.5, ndi masitichi 44 kapena 48. Masitichi amaoneka bwino, polakwika pamaonekanso msanga, ndipo zigawo zonse za sokosi mumazidutsa m'nthawi yochepa. N'zoona kuti masokosi otere sakwana m'nsapato zambiri, koma ndi abwino kuvala m'nyumba kukazizira, ndipo akiriliki wanu uja angagwire ntchito imeneyi popanda kugula kanthu.

Pa nkhani ya singano, poti munazolowera kale ya chingwe, njira yolukira pa singano imodzi ya chingwe chachitali, imene imatchedwa magic loop, ikupepukirani. Imafuna chingwe chofewa chosachepera masentimita 80; masitichi mumawagawa pawiri, theka la pamwamba pa phazi ndi theka la kunsi, ndipo kagawidwe kameneka n'kogwirizana ndi mmene sokosi imapangidwira. Singano zosongoka mbali zonse zilibe vuto, kungoti m'mizere yoyambirira zimasokoneza m'manja, ndipo zachitsulo zimapulumuka m'masitichi mosavuta, pamene zansungwi kapena zamtengo zimagwira ulusi. Njira iliyonse imene mungasankhe, mwina mudzaona mzere wa timipata ukutsika pamene singano ziwiri zimakumana. Ambiri amakoka kwambiri sitichi yoyamba pofuna kutseka mpatawo, koma chimene chimathandiza n'kukoka ulusi poluka sitichi yachiwiri, chifukwa imeneyo ndiyo imamanga yoyamba ija.

Ndingakonde kuti muyambire kukamwa n'kutsikira kuzala. Kuyambira kuzala kuli ndi ubwino wake, makamaka wakuti mumaluka mwendo mpaka ulusi utatha osaopa kuperewedwa, koma chiyambi chake chimafuna luso lina latsopano pa nthawi imene manja sanazolowere. Chofunika kusamala poyambira kukamwa n'chakuti mzere woyamba ukhale wotamuka, popeza uyenera kudutsa pachidendene, pamene phazi ndi lalikulu kwambiri. Ikani masitichi oyambawo motalikiranako pang'ono pa singano, kapena phunzirani njira yoikira masitichi oyamba otamuka yotchedwa German twisted cast-on, ndipo musanalumikize mzere onetsetsani kuti masitichi sanapotoke pa chingwe, chifukwa akapotoka inu n'kuluka mizere ingapo, palibe kukonza kwina koposa kumasula.

GogoWaMasingano

Mwanawe, anzangawa anena zambiri zothandiza, ndiye ine ndingokamba za chidendene chimene chikukuopsacho. Ndigwiritsa ntchito masitichi 64, ndipo ukasankha chiwerengero china kagawidwe kake n'komweko.

Ukamaliza mwendo, theka la masitichi, amene ndi 32, ulisiye kaye chifukwa ndi la pamwamba pa phazi. Pa 32 enawo uleke kuzungulira, uyambe kuluka chopita ndi chobwerera monga mmene umalukira sikafu, mpaka mizere 32. Chigamba chimenechi ndicho chimaphimba kumbuyo kwa chidendene. Sitichi yoyamba ya mzere uliwonse uziisamutsira pa singano ina osailuka, kuti m'mbali mwa chigambacho mupangike maunyolo 16 uku ndi 16 uko, amene udzawafune posachedwa. Pa mizere ya kumaso, ukamasinthanitsa kusamutsa sitichi imodzi ndi kuluka yotsatira, chigambacho chimachindikala n'kukhala cholimba pamene nsapato imakhuza.

Kukhota kwenikweni kumachitika ndi mizere yosafika kumapeto. Pa mzere wa kumaso samutsa sitichi imodzi, uluke 17, uluke ziwiri pamodzi, uluke imodzi, kenako utembenuze ntchito ngakhale kuti pa singano patsala masitichi 11. Pa mzere wa kumbuyo samutsa imodzi, uluke purl 5, uluke ziwiri pamodzi, uluke imodzi, utembenuzenso. Tsopano uona kampata mbali iliyonse pamene unatembenukira, ndipo kuyambira apa sufunikanso kuwerenga: uziluka mpaka patsale sitichi imodzi kampata kasanafike, uluke pamodzi sitichi ziwiri za mbali zonse za kampatako, uluke imodzi, utembenuze. Ukapitiriza choncho mpaka masitichi a m'mbali atatha, utsala ndi 18, ndipo m'manja mwako mukhala kathumba kooneka ngati kachikho. Chimene chachitika n'chakuti pakati pakhala pakutalika pamene m'mbali mukudyedwa, ndiye nsaluyo ilibe kochitira mwina koma kupinda.

Ukatero uluke masitichi 18 aja, utole 16 m'maunyolo aja a mbali imodzi, uluke 32 amene unawasiya aja, utole 16 mbali inayo, ndipo wabwereranso pa kuzungulira uli ndi masitichi 82. Kuchuluka kumeneku n'kofunika, chifukwa pamene mwendo ukumana ndi phazi m'pokulirapo. Uzichepetsa sitichi imodzi mbali iliyonse, mzere wina kuchepetsa wina kungoluka, mpaka ubwerere pa 64. Munthu amene phazi lake ndi lotukuka pamwamba atalikitse chigamba chija ndi mizere ingapo n'kutola masitichi oonjezera, apo ayi sokosi imamuthina pa akakolo ngakhale kwina konse ikukwana.

Langizo langa lalikulu n'lakuti usayese kumvetsa zonsezi pongowerenga. Tenga singano m'manja, uchite mzere umodzi monga walembedwera, ndipo nzeru yake uiona ikuonekera yokha pa mzere wachinayi kapena wachisanu. Ngati ukuopa kuononga ulusi wabwino, ika masitichi 16 a ulusi wotsala, ulukepo chidendene chokha.

Wophunzira_Kuluka

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu agogo, chifukwa tsopano ndikuona chimene mizere yosafika kumapeto imachita. Ndaganiza zoyamba ndi akiriliki uja pa masitichi 48 monga anenera a Mlukansalu, kenako ndidzafune ulusi wa ubweya. Ndatsala ndi mafunso awiri: kodi kuzala ndiyambe liti kuchepetsa, nanga ndingatani kuti sokosi yachiwiri ifanane ndi yoyamba?

MayiWaUlusi

Mwasankha bwino, achemwali, ngakhale ine ndikanakondabe kuti kachidutswa koyesera musakadumphe, ulusi ukhale wonenepa kapena woonda. Ubwino wa sokosi ndi wakuti mukhoza kuiyesa kuphazi ikadali pa singano, makamaka ya chingwe. Yambani kuchepetsa pamene patsala masentimita pafupifupi 5 kuti mufike kunsonga ya chala chachitali, kapena 4 ngati ulusi ndi wonenepa. Kwa anthu ambiri pamenepa m'pamene sokosi yangophimba kachala kakang'ono. Mumachepetsa masitichi anayi pa mzere, awiri mbali iliyonse ya phazi, mzere wina kuchepetsa wina kungoluka, mpaka patsale theka, kenako mumachepetsa mzere uliwonse mpaka patsale 16 kwa amene anayamba ndi 64, kapena 12 kwa inu a 48. Otsalawo mumawagawa pa singano ziwiri n'kuwalumikiza ndi singano yosokera yobuntha, mwa njira ya Kitchener stitch, imene imasiya mzere wosalala wopanda msoko wotupa woti n'kukhuza zala. Njirayi imafuna pamalo pabata, chifukwa munthu akakudulani pakati n'kosavuta kuiwala pamene munalekeza. Ngati yakukanikani, pisani ulusi m'masitichi onse otsalawo n'kukoka monga mmene mumatsekera chipewa, ndipo sokosi ivalika bwinobwino.

Pali kanthu kena kamene agogo sanakatchule: pamene chigamba cha chidendene chikumana ndi masitichi a pamwamba pa phazi pamakonda kutsala kabowo mbali iliyonse. Tolanipo sitichi imodzi yoonjezera pangodyapo, muiluke moipotoza, ndipo mudzaichepetse pa mzere wotsatira.

Kuti masokosi afanane, lembani m'kabuku mizere ya mkombero, ya mwendo, ya chigamba ndi ya phazi pamene mukuluka yoyamba, chifukwa tepi yoyezera imanama pa nsalu yotamuka koma chiwerengero cha mizere sichisintha. Ndi bwinonso kuyamba yachiwiri tsiku lomwelo limene mwamaliza yoyamba, ngakhale mizere iwiri yokha, popeza oluka ambiri amagwa mphwayi yoyamba ikatha, ndipo dzanja likapuma nthawi yaitali kathinidwe kake kamasintha. Mukadzafika pa ulusi wa ubweya, yezani mpukutu pa sikelo musanayambe ndipo sokosi yoyamba isadye kupitirira theka. Yang'ananinso ngati papepala palembedwa superwash, kutanthauza kuti ubweyawo ungachapidwe pa makina. Ngati sanalembe, muzichapa pamanja m'madzi ozizira osafikisa, chifukwa madzi otentha ndi kufikisa zimachititsa ubweya kugwirana, sokosi n'kuchepa osathekanso kubwezeretsa.