Pulinta yanga ya 3D yangoti buluu pa sikilini, ukwati ndi Loweruka, thandizeni

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse. A admin chonde musandikanire positi iyi, ndili pamoto. Ndimakhala pa Chitakale kuno ku Mulanje. Ndili ndi pulinta ya 3D imene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg chaka chatha. Ndalama zake sindinamalize kuwabwezera, moti tikakumana kaya ndi pamaliro kaya pachinkhoswe, moni wawo amakhala womwewo. Mayi akunyumba nawo kuyambira tsiku loyamba ankati ndalama zimenezi bwenzi titagulira malata. Ndiye mukuona nokha kuti ndikagwa pamenepa, m'nyumba muno ndilibenso mawu.

Ndimapanga tinthu ting'onoting'ono, makiyi holda a maina, zogwirira foni za anyamata a kabaza, timabatani ta wailesi. Zimayenda ndithu. Pano ndili ndi oda ya makiyi holda 80 a ukwati wa Loweruka lino ku Luchenza. Theka la ndalama anandipatsa kale ndipo linapita ku fizi ya mwana. Ndapanga 31 okha. Lolemba usiku ndinachita zimene ndinaona pa YouTube, nditayatsa basi sikilini yangowala buluu, chilembo ngakhale chimodzi palibe. Fani ikuzungulira bwinobwino. Mnyamata amene anandithandiza kuimanga sakuyankha foni, tinasemphana pa nkhani ya tchaja imene iye akuti ndinamutayira, chonsecho anaiwala yekha mu minibasi. Bandulo yatha kawiri ndikuonera mavidiyo. Lero Lachitatu. Nditani abale?

Mnyamata wa Mawaya:
Achimwene, pulinta yanji? Nanga zimene munaona pa YouTube ndi chiyani? Mwatiuza za alamu, za malata ndi za tchaja, koma dzina la makinawo ayi.

Kapitawo wa Klipper:
Sindikufunikanso kufunsa. Ameneyu ndi Marlin, firmware ija, pulogalamu ya pa bodi yoyendetsa pulinta. Ndakhala ndikunena pagulu pano mpaka mawu kusasa, SIYANI MARLIN. Kusintha kanthu kakang'ono mpaka ukonze firmware yonse, uike pa khadi, upemphere. Ndi firmware ya Klipper masamu onse amachitikira pa kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, bodi ya pulinta imangolandira malamulo basi. Ukafuna kusintha chinthu umatsegula printer.cfg, kulemba mzere umodzi, restart, yatha. Yanga imathamanga moti anthu akabwera kunyumba amafunsa ngati ndi yomwe ija.

Wa Fotokope pa Boma:
Tayesani kuchotsa katiriji mugwedeze kenako mubwezere. Yathu ya pa shopu imachitanso choncho toner akatsala pang'ono.

Mjomba Wanthabwala:
Akulu a fotokope mwalowa tchalitchi cha eni ake kkkk. Iyi imadya pulasitiki, si mapepala.

Mayi a Mapasa ku Bvumbwe:
Bambo, filament yanu, ulusi wa pulasitiki umene pulinta imasungunula, mumasunga pati? Kuno kwathu ndi chinyezi chokhachokha, makamaka chiperoni chikagwa. Ine chaka chatha mu Julaye filament yanga ya PLA inkalira thetheethe pa nozzle, kamlomo kotulutsa pulasitiki, ngati mbuliuli, zinthu n'kumatuluka ndi timaulusi ngati ukonde wa kangaude. Ndinamva kuti uziumitsa, ndiye ndinaiponya mu uvuni wa mbaula yamagetsi osayeza kutentha. Nditatsegula ndinapeza chibumi chimodzi, kilogalamu yathunthu yamatana. Ndinalira ngati kwagwa maliro. Poumitsa, PLA imafuna madigiri 45 kapena 50 basi, kwa maola 4 mpaka 6. Pano ndimasunga mu ndowa ya chivundikiro ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera mu mabokosi a nsapato.

Mnyamata wa Mawaya:
Mayi, zimene mukunenazo n'zoona koma filament yonyowa siingafufute zilembo pa sikilini. Tiyeni tidikire mwini wake atiuze makina ake.

Abambo a Mpingo:
Ine za makina sindidziwa, koma kudya ndalama ya oda ntchito isanathe ndi khalidwe limene likuononga mabizinesi a achinyamata. Komanso ngongole ya alamu anu mwaibweretseranji pagulu la anthu masauzande? Safunsa anadya phula. Mukanafunsa musanagwire.

Membala wosatchula dzina:
Abambo, ndi ulemu wonse, fizi siidikira ukwati wa munthu. Ndipo alamu angawo si oyera ayi, njinga yanga anaibwereka mu Disembala mpaka lero ili kwawo ku Muloza, tayala lakumbuyo anasintha n'kuikamo lakutha. Ine ndabwera kudzapempha nzeru ya pulinta.

Mjomba Wanthabwala:
Ndiye alamu asunge njinga, inu musunge pulinta, mlandu watha. Wotsatira!

Mnyamata wa Mawaya:
Achimwene mwayankha za njinga, funso langa mwalidumpha. PULINTA YANJI?

Mtsikana wa Orca:
Mumagwiritsa slicer yanji, pulogalamu yokonzera fayilo yopita ku pulinta? Ngati ndi Cura yesani OrcaSlicer. Ili ndi zoyezera zake momwemo, temperature tower, flow, retraction, simuvutikanso kusaka mafayilo pa intaneti. Ine chisamukireni sindinabwererenso.

Mphunzitsi wa ku Thyolo:
Cura yalakwa chiyani? Ndi yaulere, ma profile a makina ambiri alimo kale, ndipo pa laputopu yanga yakale imatseguka. Achinyamata inu chilichonse chatsopano mumathamangira. Orca yanuyo inachokera ku Bambu Studio, Bambu Studio inachokera ku PrusaSlicer, PrusaSlicer inachokera ku Slic3r. Ndi mdzukulu chabe wovala suti.

Mtsikana wa Orca:
Aphunzitsi, mdzukulu akamathamanga kuposa agogo timutaye? Tsegulani muone kaye musanaweruze.

Kapitawo wa Klipper:
Nonse awiri mukukangana za mbale pomwe nsima yake ndi yosapsa. Slicer ntchito yake ndi kudula chinthu m'magawo n'kulemba G-code, malamulo amene pulinta imatsatira, basi. Amene amayendetsa ma motor ndi firmware. Ikani Klipper, muyatse input shaping ndi pressure advance, muone ngati mizere ija ya m'makona ibwerenso. Ine ndinayeza ndi ADXL345, kachipangizo koyezera kunjenjemera, osati zongoganizira.

Mphunzitsi wa ku Thyolo:
A Kapitawo, munthu akulephera bandulo, inu mukuti agule Raspberry Pi pofika Loweruka? Aigula kuti, pa msika wa Chitakale pakati pa nanazi?

Kapitawo wa Klipper:
Laputopu yakale yokhala ndi Linux imagwira. Umphawi si chifukwa chokhalira m'mbuyo.

Mnyamata wa Mawaya:
Ndipo musaiwale kuwauza kuti Klipper nayo imafuna kuti uike kaye fayilo pa bodi kudzera pa khadi lomwelo. Ndiye ngati sadziwa bodi yawo, agwera m'dzenje lomweli.

Wa Sola ku Limbuli:
Taonani kaye kaswitchi kofiira ka pa power supply. Kamakhala ndi 115 ndi 230. Kuno ku Malawi ndi 230. Ine yanga ndinagula kwa munthu wina amene anachokera nayo kunja, ndinangofika n'kulumikiza osayang'ana. Kunamveka phuu, utsi, fungo m'nyumba monse, ana kuthawira panja. Miyezi itatu ndikudikira ina. Komanso magetsi akuthimathima masiku ano, pezani ka UPS kapena inveta, apo ayi muzingotaya filament.

Mayi a Mapasa ku Bvumbwe:
Za magetsizo musanene. Ine mphika wa maluwa wa maola 9 unafera pa ola la 8.

Membala wosatchula dzina:
Pepani ndinatuluka, netiweki kuno imafuna ukwere pachulu. Ndi Ender 3 Pro. Kaswitchi kali pa 230, sindinakagwirepo. Nkhani ndi yakuti ndinatopa ndi kulevula bedi, pamene chinthu chimapangidwirapo, ndi pepala tsiku lililonse, kona iyi ikakhala bwino inayo yakwera. Ndiye ndinaitanitsa CR Touch, kachipangizo koyeza bedi kokha, inafika Loweruka lapitali, kondakitala anandilipiritsa ngati ndanyamula thumba la chimanga. Mu vidiyo anati pamafunika firmware yatsopano, link inali pansi pake, ndinakopera n'kuika pa khadi. Kungoti ya mzungu uja sikilini yake inali ya mitundumitundu, yoima chotalika, pomwe yanga ndi ija ya buluu ya zilembo zoyera. Koma ndinati Ender ndi Ender basi.

Mjomba Wanthabwala:
Ender ndi Ender kkkkk. Achimwene, Phiri ndi Phiri koma simungalowe m'nyumba ya Phiri aliyense n'kukagona.

Mnyamata wa Mawaya:
Eyaa, zikanayambira pamenepa bwenzi titamaliza m'mawa. Mwaika firmware ya Ender 3 V2 mu Ender 3 Pro. V2 ili ndi sikilini yamtundu wina, ndiye bodi yanu ikulankhula chinenero chimene sikilini yanu siikumva. N'chifukwa chake ikungowala. Mwachidziwikire palibe chapsa. Ndipo poti fayilo inalowa kudzera pa khadi, bodi yanu ndi ya 32-bit, chifukwa zakale zija za 8-bit monga 1.1.4 sizilandira firmware mwa njira imeneyo. Zulani pulagi kukhoma, tsegulani kabokosi ka bodi, muwerenge nambala yolembedwa pa bodipo. Mupeza V4.2.2 kapena V4.2.7. Musaganizire, werengani ndi maso, chifukwa mukasemphanitsa ziwirizi sikilini ibwera koma ma motor azichita zamisala. Jambulaninso ka chip kakakulu ka pakati tione ngati ndi STM32 kapena GD32.

Kapitawo wa Klipper:
Mwaona? MWAONA? Ndinanena pa komenti yoyamba kuti ndi Marlin. Anthu munanditukwana.

Mtsikana wa Orca:
Palibe anakutukwanani akulu, ndipo Marlin sanalakwe. Munthu wavala nsapato ya mnzake, mukuimba mlandu fakitale?

Mphunzitsi wa ku Thyolo:
Ndiwonjezere pa za khadi, poti ine zinandisowetsa tulo sabata yathunthu. Musagwiritse khadi lalikulu la mu foni. Pezani laling'ono, la 8GB kapena kucheperapo, mulifomate FAT32, allocation size 4096. Musiyemo fayilo imodzi yokha ya .bin. Ndipo dzina la fayiloyo lisafanane ndi limene munaika Lolemba, chifukwa bodi imakumbukira dzina lomaliza, ikaona lomwelo imangodutsa osachita kanthu. Ilembeni ngakhale kuti mulanje1.bin. Lowetsani khadi makina ali ozima, yatsani, dikirani kamphindi osagwira chilichonse.

Membala wosatchula dzina:
Khadi limene ndili nalo ndi la 64GB, muli nyimbo za kwaya za mayi akunyumba ndi zithunzi za chinkhoswe cha mchemwali wawo. Ndikafomata limeneli ndiye ukwati wotha ukhala wanga, osati wa ku Luchenza. Lija linabwera ndi makina mwana analiika mu wailesi ya agogo ake.

Abambo a Mpingo:
Musayerekeze kufufuta nyimbo za Mulungu chifukwa cha makiyi holda.

Wogulitsa Zinthu Limbe:
Filament PLA ndi PETG ilipo mitundu yonse, ma nozzle a 0.4, timatumiza pa minibasi mpaka Muloza. Inbox.

Admin:
Malonda ndi Lachisanu lokha. Chenjezo lomaliza. Ndipo a Kapitawo chepetsani zilembo zikuluzikulu, anthu akudandaula.

Kapitawo wa Klipper:
Choonadi chimawawa a admin. Gulu lino lili ndi anthu ambiri koma amene anaonapo printer.cfg sitikwana dzanja limodzi. Tsiku lina mudzandifuna.

Mlongo wa Masamu:
Aliyense ali pa firmware, palibe akuwerenga nthawi. Atsala makiyi holda 49. Ngati limodzi limatenga mphindi 40, amenewo ndi maola pafupifupi 33, osawerengera kuthima kwa magetsi. Achimwene, ine ndikanakhala inu CR Touch ndikanaichotsa kaye, ndibwezere kaswitchi ka Z kakale, ndiike firmware wamba ya Ender 3 Pro, ndilevule ndi pepala monga kale. Zoyesa zatsopano ukwati ukadutsa. Layer height (kukhuthala kwa gawo lililonse) ikani 0.28, infill (kudzaza kwa mkati) 10 kapena 15 peresenti, ndipo muziika angapo pa bedi nthawi imodzi koma osadzadza, kuti magetsi akathima musataye onse.

Mnyamata wa Mawaya:
Ndikugwirizana nawo achemwaliwa. Koma ngati mukakamira CR Touch, fayilo yake ikhale yolembedwa zinthu zitatu: Ender 3 Pro, nambala ya bodi yanu, ndi CR Touch kapena BLTouch. Itengeni pa webusaiti ya Creality, osati pa link ya pansi pa vidiyo. Ikalowa pangani Restore Defaults kenako Store Settings, muyeze Z-offset, imene imakonza mpata wa pakati pa nozzle ndi bedi, pang'onopang'ono ndi pepala, apo ayi nozzle ikumba bedi. Mu slicer, pa start G-code, lembani G29, lamulo loyeza bedi, pansi pa G28. Mukapanda kutero kachipangizoko kazingokhala ngati chokongoletsera.

Mtsikana wa Orca:
Mu Orca malo olembera G29 ndi osavuta kupeza.

Mphunzitsi wa ku Thyolo:
Mu Cura ali pa Machine Settings, mwana wa sitandade 5 angapeze.

Wa Sola ku Limbuli:
Kapena funsani ana a ku yunivesite ya MUST ku Ndata, amene amaphunzira za uinjiniya. Si patali ndi kwanuko, mwina wina ali pagulu pompano.

Mayi a Mapasa ku Bvumbwe:
Bambo, zikakanika ndiuzeni pofika mawa masana. Yanga ili bwino, nditha kukupangirani 20 mukanditumizira fayilo ya STL ya makiyi holdawo, koma filament mubwere nayo yanu, ndipo ikhale youma.

Membala wosatchula dzina:
Mayi Mulungu akudalitseni, ndikulemberani ku inbox. Ndatsegula kabokosi, screw imodzi yagwera pansi pa kabati koma ndiisaka mawa. Palembedwa V4.2.2. Ka chip sikakuoneka bwino, tochi ya foni ikuchita kunyezimira. Khadi laling'ono ndabwereka kwa neba, la 4GB, akuti ndimubwezere ndi nyimbo zake momwemo ndiye ndayamba ndazikopera mu laputopu. Fayilo ikutsika, yafika 60 peresenti. Funso lina, ngati ndachotsa CR Touch, mawaya ake ndingowasiya akulendewera kapena ndizule ku bodi? Ndipo alamu aja aona positi iyi, andiimbira kawiri.

Kapitawo wa Klipper:
4.2.2 imayenda bwino kwambiri ndi Klipper. Config yake ilipo kale, mukafuna ndikutumizirani usiku uno.

Mjomba Wanthabwala:
Alamu ngati muli pompano tiuzeni mbali yanu ya nkhani ya tayala.

Wa Fotokope pa Boma:
Makiyi holdawo mumapanga pa mtengo wanji? Ndikufuna 10 olembedwa dzina la shopu.