Geti lapindika ndisanalimange, ngodya nazo zabowoka

Wa ku Kawale:
Amisiri anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndikupanga geti la zitseko ziwiri, chilichonse 1.8 m kutalika ndi 1.5 m mulifupi. Felemu ndi ya chubu cha sikweya 40 x 40, kukhuthala 1.2 mm, ndipo pamwamba ndaikapo lata la 0.8 mm. Makina owotcherera ndi opangidwa konkuno, ma rodi (ndodo zowotcherera) ndi a 3.2 mm. Chitseko choyamba chatha, koma ndikachigoneka pansi ngodya imodzi ikutukuka pafupifupi 2 cm, lata lachita mafunde, m'ngodya ziwiri mwabowoka. Chingakonzeke, kapena ndidule ndiyambirenso?

Mmisiri wa ku Ndirande:
Achimwene, musayambe chitseko chachiwiri musanasinthe rodi. Ya 3.2 imafuna moto wa ma amp 90 mpaka 130, ndipo chubu cha 1.2 sichingapirire moto umenewo. Gulani rodi ya mtundu wa E6013 ya 2.0, muyendetse pakati pa ma amp 40 ndi 60. Ikasowa tengani ya 2.5, mutsitse moto kufika cha m'ma 60. Musakoke mzere wautali: gundani, kwezani, dikirani kufiira kuzilale, gundaninso m'mphepete mwa dontho loyambalo. Rodi ikhale pafupi ndi chitsulo. Mukaitalikitsa moto umamwazika, bowo limabadwa pomwepo.

Mabowo alipowo ndi osavuta. Tengani kachidutswa ka rodi, mukagogode chikutiro chonse chichoke, mukagoneke pabowopo n'kumakasungunula pang'onopang'ono kuchokera m'mbali. Pakati pa dontho ndi dontho chotsani slag (chikhungwa chouma pamwamba pa dontho), apo ayi mukagaya mupeza timabowo ting'onoting'ono mkati.

Wa ku Kawale:
Vuto ndi loti makinawa ali ndi potsitsira patatu pokha. Pamunsi penipeni rodi imangomatirira, makamaka madzulo.

Madala a ku Mchesi:
Kumatirirako nthawi zambiri ndi magetsi. Madzulo anthu akayatsa ma cooker mphamvu imatsika, inu n'kukweza makina, magetsi akangobwerera mwakale chubu chabowoka. Zitsulo zopyapyala wotchererani m'mawa. Onaninso waya wochokera kukhoma: akhale wa 2.5 mm², wamfupi, wotambasulidwa, osati wokulungidwa pa dilamu. Earth (waya wachiwiri wa makina, wogwira chitsulo) imangidwe pafelemu penipeni pamalo opalidwa bwino. Zoponya earth pa chitsulo chadzimbiri chomwe changotsamira ntchito, zimenezo zimadya moto.

Ngati mungabwereke inverter (makina owotcherera amakono) tsiku limodzi, bwerekani. Chogwirira rodi mulumikize ku negative, earth ku positive, moto sulowa kwambiri m'chitsulo.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Tsopano za kupindika, chifukwa mpamene pagona nkhani. Chitsulo chomwe mwasungunula chimafupika chikamazizira, ndiye chimakoka zonse zomwe chagwira. Mukawotcherera ngodya zonse zinayi mbali imodzi kenako n'kutembenuza, mbali yoyambayo yakoka kale, yachiwiri siingabwezenso. Mukayambira mkati mwa ngodya, ngodyayo imatsekeka, sikhalanso 90.

Pachitseko chachiwiri chitani motere. Musapangire padothi kapena pakhonde lotsetsereka. Gonekani zitsulo ziwiri zowongoka, muziike levulo, felemu ikhale pamwamba pake. Ikani tack (kadontho kowotcherera kongogwirizira) imodzi pangodya iliyonse, muyeze ngodya ndi ngodya chopingasa. Pa 1.8 ndi 1.5 tepi iwerenge 2343 mm mbali zonse ziwiri, kusiyana kusapose 3 mm. Sikweya yaing'ono ya m'manja musaikhulupirire pa felemu yaikulu chonchi. Mukakhutira onjezani tack yachiwiri, tembenuzani, ikaninso ziwiri. Powotcherera zenizeni muzilumpha: ngodya iyi, kenako yoyang'anizana nayo chopingasa, tembenuzani, chimodzimodzi. Kunja kwa ngodya kutsatire, mkati mukhale momaliza. Tepi izibwerera mukamaliza gawo lililonse, pakuti chitsulo chikadali ndi ma tack chimamvera hamala, koma chikawotchereredwa mbali zonse chimakana.

Wa ku Chibavi:
Bwanji osamathira madzi ngodya iliyonse ikatha? Kutentha sikufalikira.

Madala a ku Mchesi:
Ayi bambo, madzi asiyeni. Kukoka kumachitikabe, kungoti mwachangu, ndipo mbali yomwe yalandira madzi imazizira msanga kuposa inzake. Madzi ena amalowa m'chubu n'kukhala momwemo, dzimbiri n'kuyambira mkati. Kulumpha ngodya kuja n'kokwanira kupatsa chitsulo mpata wozizira chokha.

Chitseko choyambacho musachitaye. Gayani ma tack a lata, lichoke kaye, chifukwa mwina theka la kupindikako likuchokera ku latalo. Kenako kokani zingwe ziwiri chopingasa, ngodya ndi ngodya. Felemu yowongoka zingwe zimangokhudzana pakati. Zikatalikirana kapena kukanikizana, yapotoka. Ikani matabwa pansi pa ngodya ziwiri zotsika, anthu awiri apondereze ngodya ziwiri zotukuka, pang'onopang'ono, mukuyang'ana zingwe. Ikakana, chekani ndi disiki yopyapyala ngodya ziwiri zoyang'anizana, musiye mbali imodzi yokha yogwira, wongolani, wotchereraninso.

Wa ku Kawale:
Zikomo madala. Nanga lata ndilibwezere bwanji kuti lisachitenso mafunde? Mwini geti sakufuna ma rivet, akuti akuba amabowola.

Mmisiri wa ku Ndirande:
Mwini wakeyo akunena zoona pang'ono, ngakhale wakuba wofika ndi drill lata la 0.8 silingamuletse ngakhale mutawotcherera. Komabe chitani zomwe wafuna. Choyamba onjezani zitsulo ziwiri zogona mkati mwa felemu, lata lisakhale ndi danga loposa 60 cm lopanda chogwira. Lipanikizeni ndi ma clamp, muyambire pakati kupita kunja, tack iliyonse 15 cm, uku ndi uku mosinthana. Moto uyambire pachubu, ungonyambita m'mphepete mwa lata. Mukauyambira palata, labowoka musanaphethire. Lomwe lachita kale mafunde akulu latambasuka, silibwerera. Ligwiritseni ntchito ina.

Ngati latalo ndi la galvanised (lokutidwa ndi zinki), palani zinki pomwe pagwere tack ndipo gwirirani panja. Utsi woyera uja umadwalitsa, munthu amamva ngati malungo usiku wake. Kumwa mkaka sikuteteza ku utsiwu.

Wa ku Chipata:
Palibe watchula mahinjesi. Chitseko chimenechi chilemera makilogalamu oposa 30, lata lokha ndi pafupifupi 17. Hinjesi mukaiwotcherera mwachindunji pachubu cha 1.2, pakapita miyezi ing'amba khoma la chubucho. Yambani mwaika kachidutswa ka flat bar ya 40 x 4, kotalika 12 cm, hinjesi ikhale pamenepo. Ikaninso chitsulo chopingasa kuchokera kuhinjesi ya pansi kukafika kungodya ya pamwamba kumbali ya loko, geti lisagwe mphuno. Pansi pa felemu bowolani timabowo ta 6 mm totulutsira madzi, kenako red oxide (penti woyamba woteteza dzimbiri) musanapake penti.

Wa ku Kawale:
Mahinjesi awiri akwana, kapena ndiike atatu?

Wa ku Chipata:
Awiri a 20 mm akwana, otalikirana momwe mungathere. Atatu amavuta kuwaika pamzere umodzi, ndipo imodzi ikangophonya geti limalimba potsegula. Lowetsani chitseko pamalo pake, chikhale pamatabwa, mbali ya loko ikwere 5 mm kuposa levulo, ikani ma tack, chotsani matabwa, tsegulani ndi kutseka kangapo musanamalize kuwotcherera.