Mafumu a William akundiukira, phunziro lili Lachinayi

Mphunzitsi wa mbiri: Anzanga, ndithandizeni. Ndikufuna kuonetsa ana momwe mafumu akale a ku Ulaya ankagawira malo kwa mafumu aang'ono, iwowo n'kumabweza asilikali ndi msonkho. Ndidzaonetsa gemu ya pa kompyuta ya Crusader Kings III pa purojekita. Ndayambira chaka cha 1066 ndikusewera ngati William wa ku Normandy, England ndalanda, koma mafumu a pansi panga agwirizana kale zondichotsa. Ana adzangoona nkhondo basi.

Madamu a kompyuta: Aphunzitsi, nambala ya domain, yowerenga malo omwe mwagwira nokha, ili kumtunda kuja yafiira? Mukagwira nokha malo opitirira malire, msonkho umatsika, asilikali amachepa, mafumu onse amakwiya. Gawani otsalawo kwa anthu a ku Normandy omwe alibe malo. Ma duchy, zigawo zikuluzikulu zokhala ndi madera angapo zija, sungani awiri okha. Ndipo mukamupatsa munthu duchy, mupatseninso madera a mkati mwake. Mukamumana limodzi, adzalilirira mpaka kufa.

Mphunzitsi wa mbiri: Yafiiradi. Nanga ndingomulanda malo wamkulu wa gululo?

Madamu a kompyuta: Ayi ndithu! Kulanda popanda chifukwa, gemu imakuwerengerani nkhanza, onse n'kukudani. Amphamvuwo apatseni mipando m'khonsolo, ndi yomwe akulirira. Ngati dera mukulifunitsitsa, tumani bishopu akupekereni umwini, kungoti zimadya ndalama ndi nthawi. Apo ayi, musiyeni aukire, mumugonjetse, mumutsekere. Woukira mumamulanda mwalamulo.

Ahedi: Ine ndingoti musazimitse moto wonse. William weniweni anapambana ku Hastings pa 14 Okutobala 1066, koma kumpoto kwa England kunamuukira mu 1069, ndipo mu 1075 anamuukira ndi mafumu ake omwe. Dera la Kent anapatsa m'bale wake Odo, bishopu wa ku Bayeux, kenako anadzamutsekera m'ndende. Mu 1086 anaitanitsa eni malo ku Salisbury kuti alumbire kwa iye mwini. Mwana akaona gulu likukula pa sikirini, adzamvetsa chifukwa cha lumbirolo kuposa zomwe tingalembe pa bolodi. Koma mudzawauze kuti gemu yayala zinthu mwadongosolo kwambiri, kalelo malo a munthu mmodzi ankamwazikana m'zigawo zambiri.

Mphunzitsi wa mbiri: Zamveka bwana. Koma piriyodi imodzi ikwana?

Madamu a kompyuta: Ikwana mukaseva kawiri kunyumba, musanagawe malo komanso mutagawa. Ana adzayerekeze maganizo a mafumuwo pa ziwirizo. Laputopu mudzaitchajiretu Lachitatu madzulo.