Msewu wotsikira ku Lingadzi: tiyambe ndi gravel kapena ngalande?

aMbewe (wapampando): Moni nonse, a ku Mtandire kuno ndi akunja omwe. Ndalama zomwe tasonkha zingakwanire ntchito imodzi, osati ziwiri. Msewu ndi womwe tinagwirizana uja, wotsetsereka kulowera kumtsinje wa Lingadzi, mamita 400 malinga ndi tepi ya achinyamata athu. Maganizo afika awiri: ena akuti tithire gravel, ena akuti timange ngalande yamiyala. Mvula ikagwa mu Novembala ntchito zonse ziwirizi sizigwirikanso bwino, choncho mfundo timange sabata ino. Wolankhula abwere ndi manambala.

aPhiri (Johannesburg): Zikomo bambo wapampando. Ine ndili kumbali ya gravel. Mamita 400 m'litali, mamita 5 m'lifupi, kukhuthala masentimita 15 akatsendera, ndi makiyubiki mita 300. Dothi likamabwera pa tipa limakhala lotakasuka, ndiye tiwerengere pafupifupi 380, kutanthauza maulendo 38 a tipa ya makiyubiki 10. Giredala ndi makina otsendera masiku atatu zatha. Galimoto yonyamula wodwala ifika pakhomo, akabaza asiya kutsitsa anthu pamtunda. Komanso tisabisane, osonkha ali kunja amafuna kuona chinthu. Akaona msewu wosalala asonkhanso.

aMwale: Achimwene aPhiri, masamu anu a gravel ndi olondola, sindikutsutsa ngakhale limodzi. Chomwe mwasiya ndi madzi. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga imatulutsa lita imodzi. Nyumba ya malata ya masikweya mita 60, pa mvula ya mamilimita 50, imakhuthula malita 3,000, migolo 15 ya malita 200. Imeneyo ndi nyumba imodzi. Kale kumtundako kunali minda ndipo nthaka inkamwa. Pa kalembera wa 2008 mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu pafupifupi 670,000, pofika 2018 unali ndi 989,318, ndipo ambiri mwa owonjezerekawo anamanga m'madera ngati athuwa. Pamene panali munda pali denga, pabwalo pathiridwa simenti. Madzi onsewo alibe kolowera koma mumsewu.

Tiyerekeze kuti malo otsanulira mumsewu wathu ndi mahekitala 5. Mvula yamphamvu ya mamilimita 60 pa ola, magawo 6 mwa 10 n'kuyenda pamwamba osalowa pansi, imapereka malita 500 pa sekondi iliyonse. Migolo iwiri ndi theka pa sekondi, ikuthamanga potsetsereka. Madzi otere amayamba achotsa dothi lofewa lomwe limamanga gravel, miyala n'kutsala yokhayokha, kenaka amakumba mzere m'mapazi a matayala, ndipo pofika Febuluwale mzerewo ndi chigwembe. Matipa 38 aja tikawapeza ku Lingadzi. Madzi saiwala khwawa, ndipo pakadali pano khwawa lake ndi msewu womwewu.

aPhiri (Johannesburg): Nanga giredala sikumba ngalande m'mbali ikamasalaza? Mtengo wake ndi womwewo.

aMwale: Imakumba, koma yadothi. Pamalo athyathyathya imatha kukhala. Potsetsereka, kutsika kukapitirira masentimita 4 kapena 5 pa mita iliyonse, ngalande yadothi imadzidya yokha, imazama, n'kuyamba kugumula m'mphepete mwa msewu ndi maziko a mipanda ya anthu. Giredala tidzaifuna ndithu, koma pa ntchito ina: kupatsa msewu msana. Pakati pakwere masentimita 5 pa mita iliyonse kuchokera m'mphepete, ndiye msewu wa mamita 5 pakati pake pakhale pokwera masentimita 12 kapena 13. Popanda msana umenewu, ngakhale ngalande itakhala yokongola bwanji, madzi aziyendabe pakati pa msewu ngalandeyo ili youma.

aNkhoma (mmisiri): Ndiyankhe za kamangidwe poti ndi pomwe ndalama zimathera. Ngalande yokwana madzi omwe anena aMwale ikhale masentimita 40 pansi, 90 pamwamba, kuya 50, makoma opendekera kunja. Miyala yokhuthala masentimita 20, yoikidwa m'matope a simenti, osati kungoyala miyala n'kupaka pamwamba. Kasakanizidwe ndi 1 kwa 4: thumba limodzi la makilogalamu 50 ku mawilibala awiri a mchenga osadzaza mpaka phiri. Pa muyeso umenewu mita iliyonse imadya pafupifupi thumba limodzi. Mbali imodzi ya msewu ndi matumba 400 kapena kuposerapo pang'ono. Mbali ziwiri sitingakwanitse, tisadzinamize.

Zomwe zimagwetsa ngalande zotere ndi zodziwika. Mmisiri akaona simenti ikuchepa amathira mawilibala anayi pa thumba, ndipo matopewo amanyenyeka ndi chala. Mchenga wosakanikirana ndi dothi nawo ndi mdani: thirani m'botolo la madzi, khutchumulani, musiye usiku wonse, mukaona dothi lochindikala pamwamba pa mchenga bwezani tipayo. Kenaka kuthirira. Simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa, choncho masiku 7 m'mawa ndi madzulo, titafunditsa masaka onyowa. Mu Okutobala kutentha kuja tsiku limodzi lokha losathirira limang'amba khoma. Ndipo pa mamita awiri alionse tisiye kabowo ka paipi m'khoma kuti madzi a m'nthaka azitulukira, apo ayi amakankha khoma kuchokera kumbuyo mpaka kuligwetsera mkati.

Njerwa zootcha ndisazimve. Zimamwa madzi, zimafumbutuka, komanso kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha pa zomangamanga za boma. Ngati tikufuna khonsolo idzalandire ngalandeyi ngati yake, tiyende ndi miyala kapena konkire.

aNabanda: Bambo Mwale, madzi mwawasonkhanitsa bwino, koma mukuwatula pakhomo pa ndani? Ngalande yosalala imafikitsa madzi kumunsi mofulumira kuposa msewu wokumbika. Kumunsiko ndi komwe anthu anavutika kwambiri mu Febuluwale 2017 pamene Lingadzi anasefukira. Tikamanga mamita 200 akumtunda ndalama n'kutha, ndiye kuti tatenga ndalama za gulu n'kukamiza nazo abale athu omwe.

aMwale: Mayi mwakhudza penipeni. Ngalande imayambira kumunsi kukwera kumtunda, osati mosemphanitsa. Choyamba ndi potulukira: pakhale miyala ikuluikulu yoyalidwa mamita awiri kapena atatu kuti madzi aphwe mphamvu asanagwere kumtsinje, m'mbali tidzale udzu wa vetiva wogwira nthaka. Ndalama zikathera panjira, gawo lomangidwalo likugwirabe ntchito ndipo silipweteka munthu.

Vuto lalikulu lili pa mphambano, pomwe madzi ayenera kuwoloka msewu. Kalavati (paipi yaikulu yodutsitsa madzi pansi pa msewu) ya mamilimita 600 m'kamwa mwake imameza malita 300 mpaka 400 pa sekondi, osakwana 500 aja, ndipo ikatsekeka munthu sangalowemo ndi fosholo. Pakufunika ya 900. Igone pa konkire, yopendeka masentimita 2 kapena 3 pa mita kuti mchenga usagonemo, pamwamba pake dothi lotsendereka la theka la mita kuti tipa isaiphwanye, ndi makoma kukamwa ndi kotulukira. Makoma amenewa akasowa madzi amalambalala paipi n'kudula msewu.

Ndipo tisanagule thumba ngakhale limodzi, tiyeze levulo. Sizifuna makina. Paipi yoonekera mkati ya mamita 20 yodzaza madzi, zikhomo pa mamita 10 alionse, chingwe ndi tepi. Paliponse pasachepere sentimita imodzi ya kutsika pa mita. Pakachepera pamakhala chithaphwi, ndipo chithaphwi ndi udzudzu.

aNabanda: Pamenepo tamvana. Koma ndibwere ndi china chomwe chingaphe ntchito yonseyi m'mwezi umodzi: zinyalala. Majumbo, mabotolo, matewera a ana otayidwa, zonse zimathera m'ngalande chifukwa palibe kwina. Majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60 analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linatsimikiza chiletsocho mu 2019, koma m'misika akadalipo. Pakamwa pa kalavati paikidwe zitsulo zotalikirana masentimita 10, zopendekera kumbuyo kuti zinyalala zizikwera pamwamba madzi akudutsa pansi, ndipo pakhale munthu wodziwika dzina wochotsa mvula iliyonse ikatha. Zitsulo zopanda wochotsa zimasanduka damu.

Chachiwiri ndi mapaipi a madzi akumwa. Ambiri olowera m'makomo ali pamwambamwamba ndipo adzadutsa m'ngalande yathu. Madzi akasiya kutuluka, paipi yobooka imayamwa zomwe zaizungulira, ndipo akabweranso zonsezo zimafika m'ndowa. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Choncho paipi iliyonse yowoloka ngalande ilowe m'kati mwa paipi ina yaikulu yolimba, ndipo pasakhale polumikiza m'kati mwa ngalandemo. A Lilongwe Water Board tiwalembere tisanakumbe kuti adzationetse pomwe padutsa paipi yaikulu. Ndipo mafumu anene poyera kuti wolumikiza chimbudzi kapena bafa kungalande alipira chindapusa.

aNankhoma (msungichuma, Leeds): Ndamvetsera zonse ndipo ndili ndi nkhawa ina. Misewu ndi ngalande za m'kati mwa mzinda ndi udindo wa khonsolo pansi pa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Ife tikamangomanga tokha mwakachetechete, dera lathu silidzalowa m'mapulani a mzinda, ndipo tsiku lina msewu ukadzafuna kukuzidwa ngalande yathu idzagumulidwa popanda wotifunsa. Ndalama zathu zikhale chikoka. Tipite ndi pepala lonena kuti anthu a kuno ali okonzeka kumanga ngalande ya mamita akutiakuti ndi simenti yawo ndi manja awo, khonsolo ibweretse kalavati ya 900, giredala ya tsiku limodzi ndi injiniya woona levulo. Pempho lotere limamveka mosiyana ndi kungodandaula kuti msewu waonongeka.

Njira yake: mafumu ndi mabuloko lida asaine, komiti ya chitukuko ya wodi iike m'maminitsi ake, khansala atengere kukhonsolo, kope lina lipite kwa phungu. Kalata iliyonse tisindikize ziwiri, imodzi idindidwe tsiku lolandirira n'kubwerera kwa mlembi wathu. Tilinso ndi ufulu wofunsa zomwe zaikidwa m'bajeti ya wodi yathu, pakuti lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020.

aPhiri (Johannesburg): Mayi msungichuma, makalata amatenga miyezi, mvula sidikira chidindo. Za ngalande ndagonja, aMwale andikhutiritsa. Koma tisaimitse ntchito podikira kalavati ya eni.

aNankhoma (msungichuma, Leeds): Sindikuti tiime. Miyala ndi mchenga tingayambe kututa mawa lomwe. Koma khasu lisakhudze msewu tisanapeze chilolezo cholembedwa, ngakhale cha mizere itatu. Simenti tigule pang'onopang'ono, matumba 50 pa ulendo, chifukwa ikakhala miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu ndipo ikagona pansi pachinyezi imauma. Amisiri tiziwalipira pa mita yomalizidwa ndi yoyezedwa, osati pa tsiku.

aNkhoma (mmisiri): Musaiwale zowolokera. Ngalande ya masentimita 90 agogo ndi ana sangailumphe, ndipo mwini nyumba akasowa powolokera amakwirira ndi dothi kuti wilibala idutse. Khomo lililonse lifuna silabu: masentimita 10 ndi waya pa oyenda pansi, masentimita 15 ndi zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12) pomwe palowa galimoto, konkire ya 1:2:4 (muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala). Akhale onyamulika kuti tizitha kuchotsa mchenga pansi pake. Ndikupempha kuti silabu agule mwini khomo, gulu lipereke chikombole ndi mmisiri.

aNabanda: Bambo Nkhoma, nyumba zambiri m'mbali imeneyo ndi za lendi. Wobwereka sagula silabu, ndipo eni nyumba ena sakhala kuno. Komanso pali mipanda yomwe inalowa mumsewu. Mamita 5 a msewu kuphatikiza ngalande ndi makoma ake ndi mamita oposa 6, ndipo malo ena mpata umenewo palibe.

aMwale: Popanikizika ngalande ingakhale ya makoma oongoka, masentimita 60 m'lifupi ndi 60 kuya, yovindikira ndi masilabu kuti anthu aziyenda pamwamba. Imakwera mtengo pa mita, choncho tidziwe kaye kuti malo oterewo ndi mamita angati. Kusuntha mpanda wa munthu si ntchito ya gulu lino, ndi ya mafumu ndi khonsolo.

aMbewe (wapampando): Zikomo nonse. Loweruka 6 koloko m'mawa aMwale ndi aNkhoma atsogolera achinyamata kukhoma zikhomo kuyambira kumtsinje kukwera, ndipo alembe m'lifupi mwa msewu pa chikhomo chilichonse. ANabanda awerenge makomo ndi mapaipi owoloka. Lamlungu madzulo ndikaonana ndi mafumu pa nkhani ya potulukira madzi, pakuti malowo ali ndi mwini wake ndipo sitinamufunse. Mlembi akonze kalata Lolemba lisanafike. Za masilabu a nyumba za lendi sitinagwirizane. ANabanda akatipatsa chiwerengero cha makomo, mayi msungichuma atiuze ngati thumba lingasenze theka la mtengo wake.