Ulendo wa Ambuya ku Munda Wanga

Dalitso: Mwaswera bwanji nonse. Ambuya andituma. Dzulo tikukonza m'kabati tinapeza chithunzi cha ukwati wawo, ataima ndi malemu Agogo pansi pa mtengo waukulu. Kumbuyo kwalembedwa ndi bolopeni kuti "Munda Wanga, 1972". Agona nacho kumutu. Lero m'mawa akuti akufuna akauone mtengowo maso akadali kuona.

Amake Tiyamike: Mayo ine! Chithunzi chija tinachifuna pa maliro a atate mpaka kutopa. Chijambule utitumizire.

Dalitso: Ndatumiza. Chang'ambika pang'ono pakona, koma nkhope zikuoneka.

Mayi aakulu a ku Matero: Taonani jekete la atate. Ndi amayi chiuno ngati mavu! Zoti tipite palibe wokana, tingogwirizana tsiku.

Chisomo: Pepani akuluakulu, Munda Wanga ndi kuti? Si uko tinapita ndi sukulu kukaona anyani? Bwanji osangowatengera Ambuya ku masitolo a ku Manda Hill, adye ayisikilimu pamalo pozizira?

Amalume a ku Chelstone: Iwe Chisomo, ku Manda Hill kuli mtengo umene anaimapo agogo ako? Munda Wanga uli ku Chilanga, mumsewu wa ku Kafue, makilomita ngati 15 kuchoka m'tauni ya Lusaka. Ukadutsa Makeni umangowongoka. Anayamba malowo ndi mzungu wina, Ralph Sander, amene ankagwira ntchito m'boma la atsamunda, m'zaka za m'ma 1950. Unali munda wakewake, n'chifukwa chake anautcha dzina limenelo, m'chinenero chathu chomwechi. Ankasonkhanitsa mitengo ndi maluwa a kuno ndi a maiko akutali n'kumabzala. Pambuyo pake malowo analowa m'manja mwa boma. Za nyama mukuzikumbuka inu anazo zinabwera mochedwa, poyamba unali munda basi.

Alamu a ku Kabwata: Aphunzitsi ayamba kalasi, tikhale pansi.

Amalume a ku Chelstone: Alamu, mukaseka museke, koma ana awa sadziwa ngakhale chimene atate ankachita ku Chilanga. Ankagwira ntchito ku fakitale ya simenti, imene inayamba mu 1949, ndipo simenti yomangira damu la Kariba inachokera pomwepo. Ankabwera kunyumba nsidze zili mbuu, amayi n'kumawapukuta ndi kansalu konyowa asanadye. Ndiye pa ukwati analibe ndalama yopitira kwa wojambula m'tauni. Anangoyenda wapansi kukalowa m'mundamo, mnzawo wa kuntchito ndi amene anali ndi kamera.

Dalitso: Ndawawerengera Ambuya. Akuti Amalume anama pang'ono, sanayende wapansi, anakwera kumbuyo kwa lole. Akutinso tsiku limenelo anafunsa Agogo kuti munda wanji wopanda chimanga ngakhale phesi limodzi, Agogo n'kuseka mpaka wojambula kukwiya.

Amake Tiyamike: Ndiye chifukwa chake atate akuoneka mano onse panja!

Mayi aakulu a ku Matero: Chabwino, tsiku. Ine Loweruka mukudziwa kale, ndi Sabata, sindiyenda.

Alamu a ku Kabwata: Lamlungu ife tili ndi kwaya, ndipo amayi sangalole kujomba kutchalitchi chifukwa cha mtengo.

Amalume a ku Chelstone: Ndiye yatsala holide ya pa 24 Okutobala. Aliyense sapita kuntchito.

Amake Tiyamike: Achimwene, pa Indipendensi anthu amadzaza kulikonse, ndipo dzuwa la Okutobala si la munthu wa mawondo ngati amayi. Koma tsiku lina palibe. Tikapita m'mamawa, 8 koloko tili pageti, tidzapeza mthunzi wabwino anthu asanachuluke.

Chisomo: Ine ndidzanyamuka ku Kabwe dzulo lake, ndidzagona kwa Mayi aakulu. Jakaranda adzakhala akadali ndi maluwa? Ndikufuna zithunzi.

Amalume a ku Chelstone: Pofika kumapeto kwa mwezi amakhala atayoyoka ambiri, nthawi yake ndi Seputembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Ukajambula Ambuya, si maluwa.

Alamu a ku Kabwata: Za mayendedwe, tichite hayala minibasi imodzi tonse tikwanemo.

Mayi aakulu a ku Matero: Ayi alamu, za hayala ine ndinalapa. Mwaiwala pa chinkhoswe cha Tiyamike? Tinampatsa dalaivala theka la ndalama, tinaima pamsewu ndi mapoto kuyambira 7 koloko, foni yake yazima, mpunga n'kuyamba kuchita thukuta. Anatulukira 11 koloko akuti anayamba wakatenga anthu ena. Sindibwerezanso.

Amalume a ku Chelstone: Galimoto yanga itenga amayi, Dalitso, achemwali a ku Matero ndi zakudya. Ya alamu itenge ana. Achinyamata mukwere minibasi za ku Chilanga, muuze kondakitala akutsitseni pa Munda Wanga, geti lili pafupi ndi msewu. Ndani sangakwanitse?

Chisomo: Tamva Amalume. Ife ndife a minibasi mpaka kalekale.

Amake Tiyamike: Zakudya ndigawe ine kuti pasakhale mbale zisanu za saladi ngati Khirisimasi ija. Nkhuku zitatu ndiwotcha kunyumba. Achemwali, inu mpunga ndi chikanda chanu chija. Alamu, madzi akumwa ambiri ndi ayezi. Munkoyo wa amayi ndikagula mizu kumsika wa Soweto, ndiufulula ndekha, uja wa m'mabotolo amati ndi madzi a shuga. Mphasa ziwiri ndi mpando wopinda wa amayi, pansi sangakhale, kudzuka kwake ndi nkhondo.

Alamu a ku Kabwata: Ndidutsa ku Chilanga mkati mwa sabata pa ntchito. Ndikafunsa pageti mtengo wolowera wa akulu ndi ana, komanso ngati amalola kulowa ndi chakudya chathu ndi mbaula. Tisanyamule makala n'kukabwezedwa.

Mayi aakulu a ku Matero: Pakadali pano nyumba iliyonse iponye K200 ya mafuta ndi nkhuku, za pageti tionjezera alamu akatiuza. Tumizani pa foni yanga. Amene sanamalize za maliro a chaka chatha ndikukuonani, mukuwerenga mwakachetechete.

Dalitso: Ambuya afunsa ngati angatole njere za mtengowo akadzale kuseri kwa nyumba.

Amalume a ku Chelstone: Kuthyola ayi, malo ngati amenewo mitengo imasungidwa, ina inachokera kutali. Zogwa pansi tikapempha kwa ogwira ntchito. Koma choyamba tiupeze mtengowo. Papita zaka zoposa 50, ndipo pachithunzi pakungooneka thunthu ndi mizu.

Amake Tiyamike: Kulitsani chithunzicho muone kumanzere kwa amayi. Pali timasitepe tamiyala ndi nsungwi kumbuyo. Tikayambire pamenepo. Dalitso, afunse ngati panali madzi pafupi.

Dalitso: Akuti panali kamtsinje, anavula nsapato za ukwati n'kuviika mapazi chifukwa zinkawathina, zinali zobwereka. Akuti tisavutike, akafika miyendo idzakumbuka yokha. Koma pali china. Jekete lija lilipo, lili m'sutikesi pansi pa bedi. Akufuna Amalume alivale, aime pamene anaima Agogo, tijambulenso.

Alamu a ku Kabwata: Jekete la 1972 pa mimba ya ku Chelstone? Mabatani adzauluka mpaka ku Kafue.

Amalume a ku Chelstone: Atate anali ochepa thupi, alamu akunena zoona. Ndidzalivala ndithu. Likakana kumanga lidzakhala lotsegula.

Mayi aakulu a ku Matero: Dalitso, ulitulutse lero uliyanike pamthunzi lichoke fungo la m'sutikesi. Osalichapa ndi madzi, ndibwera ndi bulashi mawa. Uonenso m'matumba usanaliyanike.

Dalitso: Ndaona kale. Muli kampango koyera ndi chipeso cha Agogo. Ambuya akuti zisachoke, zipite momwemo.